Kodi mawebusaiti a anthu achidwi angakhale umboni pa Wikipedia?

Pali dandaulo limene limamveka kawirikawiri kwa anthu amene angoyamba kumene kulemba pa Wikipedia. Munthu amapeza webusaiti ya wina amene wathera zaka zambiri akusonkhanitsa mbiri ya sitima zapamtunda, ya ndege, ya timu ya mpira kapena ya gulu loimba, ndipo amatengapo deti kapena chiwerengero n'kuchiika m'nkhani. Pasanapite nthawi, mkonzi wina amachotsa zimenezo ndi mawu achidule akuti gwerolo ndi losadalirika. Wolemba uja amadabwa, chifukwa akudziwa kuti zimene analembazo n'zoona, ndipo mwina akudziwanso kuti mwini webusaitiyo amaidziwa nkhaniyo kuposa mtolankhani aliyense amene anailembapo. Chimene chimamuzunguza mutu kwambiri n'chakuti m'nkhani ina, webusaiti yooneka yofanana nayo yavomerezedwa popanda wotsutsa.

Kusiyana kumeneku kumaoneka ngati kukondera, ndipo nthawi zina akonzi amalakwitsadi, koma kawirikawiri kumachokera pa funso limene wolemba watsopano sanaliganizire. Iye amafunsa ngati mwini webusaitiyo akudziwa zimene akunena. Akonzi amafunsa ngati munthu wachilendo, amene sadziwa mwini webusaitiyo ndiponso sadziwa nkhaniyo, ali ndi njira yoonera kuti zolembedwazo zinayesedwa ndi wina wake. Mafunso awiriwa amamveka ofanana, koma mayankho ake amatha kusiyana kutalitali.

Chifukwa chake magwero ndiwo maziko

Insaikulopediya ndi buku losonkhanitsa mwachidule zimene anthu akuzidziwa kale pa nkhani zosiyanasiyana. M'mabuku akale a mtundu umenewu, kampani yosindikiza inkalemba ntchito akatswiri odziwika, ndipo wowerenga ankakhulupirira nkhani chifukwa cha dzina la wolemba ndi la kampaniyo. Wikipedia, imene Jimmy Wales ndi Larry Sanger anaiyambitsa pa 15 Januwale 2001, inatenga njira ina: aliyense angalembe kapena kusintha nkhani, ndipo ambiri amatero osatchula dzina lawo lenileni. Lero ilipo m'zinenero zoposa 300, ndipo ya Chingerezi yokha ili ndi nkhani zoposa 6 miliyoni. Popeza wolemba sadziwika, chikhulupiriro chonse chinasamukira pa gwero, kutanthauza buku, nyuzipepala, magazini, lipoti kapena webusaiti kumene mfundo yatengedwa.

Chinenero chilichonse chimadziikira malamulo ake, koma a Wikipedia ya Chingerezi ndi amene analembedwa mwatsatanetsatane, ndipo zinenero zambiri zimatengera pamenepo. Atatu mwa iwo ndiwo akuluakulu. Loyamba limati mfundo iliyonse imene wina angaitsutse iyenera kukhala ndi gwero limene wowerenga angapite kukadzionera yekha. Lachiwiri limaletsa wolemba kuika zofufuza zake kapena maganizo ake amene sanasindikizidwe kwina. Lachitatu limafuna kuti nkhani isakondere mbali. Udindo wopeza gwero uli pa amene akufuna kuti mfundo ikhalemo, pajatu wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho wochotsa mfundo yopanda umboni safunikira kutsimikizira kuti inali yabodza.

Kuti mawu a munthu onena za ukatswiri wake ndi osakwanira, akonzi anaziphunzira movutikira. Mu 2006 magazini ya The New Yorker inalemba za mkonzi wina wotchuka wa Wikipedia, wodziwika ndi dzina lakuti Essjay, ndipo inamutchula kuti ndi pulofesa wa zachipembedzo wokhala ndi madigiri apamwamba. Mu Febuluwale 2007 zinadziwika kuti anali mnyamata wa zaka 24 wopanda madigiri amenewo, ndiponso kuti pa mikangano ina ankatchula udindo wabodzawo pofuna kuti maganizo ake apambane. Ngati zoterezi zinachitika pakati pa akonzi eniake, zingachitikenso pa webusaiti iliyonse imene mwini wake amadzifotokoza yekha.

Zimafanana ndi zochitika m'bwalo la milandu. Woweruza angakhale ndi chikhulupiriro mumtima mwake kuti mboni ikunena zoona, koma amafunsabe kuti inali pati, inaona ndi maso kapena inangomva, ili ndi ubale wotani ndi oimbidwa mlandu, ndiponso ngati pali wina wochitira umboni zomwezo. Mboni yoona mtima imene singayankhe mafunsowa imasiyidwa, ngakhale kuti sinaname.

Mawebusaiti amenewa si a mtundu umodzi

Anthu achidwi amene tikunena pano ndi amene amatsatira chinthu chifukwa chochikonda, popanda wowalemba ntchito: okonda mbalame, masitampu, magalimoto akale, mafilimu, mbiri ya nkhondo, masewera a pakompyuta, zotsatira za mpira ndi zina zotero. Mawebusaiti awo amaoneka ofanana kwa wowerenga wamba, koma mkonzi amayamba waona kaye mmene mawu amafikira patsambalo.

Pali webusaiti ya munthu mmodzi, amene amafufuza yekha, kulemba yekha ndi kusindikiza yekha. Pali webusaiti imene aliyense wolembetsa angaikepo kapena kusintha zinthu. Ndiye palinso imene inayamba ndi anthu achidwi koma kenako inakhala ndi akonzi odziwika, ndondomeko yoyesera nkhani, mwinanso olemba olipidwa.

Gulu lapakatilo ndi limene chigamulo chake sichivuta. IMDb, nkhokwe ya zamafilimu imene Col Needham anaiyambitsa mu 1990 ndipo Amazon inaigula mu 1998, imalandira zambiri mwa zolembedwa zake kwa anthu wamba, choncho akonzi a Wikipedia amaiona ngati yosadalirika pa zinthu zambiri, makamaka masiku obadwa ndi mbiri za anthu. Chimodzimodzinso Discogs pa zanyimbo, Find a Grave pa za manda ndi imfa, ndiponso Fandom, pamene okonda mafilimu ndi masewera amadzilembera okha masamba, ngakhale kuti Jimmy Wales yemweyo ndi mmodzi mwa amene anaiyambitsa mu 2004 pamodzi ndi Angela Beesley. Wikipedia imadziika yokha m'gulu lomweli: nkhani ya pa Wikipedia siloledwa kukhala gwero la nkhani ina ya pa Wikipedia. Kukula kwa webusaiti, kutchuka kwake kapena kulemera kwa kampani imene inaigula sizisintha kanthu ngati khomo lolowera mawu lili lotsegukira aliyense.

Cricinfo imasonyeza mbali ina ya nkhaniyi. Inayamba mu 1993 ngati ntchito ya anthu odzipereka okonda masewera a kiriketi, motsogozedwa ndi Simon King, amene ankasonkhanitsa zotsatira za masewera pa intaneti. Mu 2003 inalowa m'manja mwa Wisden, kampani yofalitsa mabuku a kiriketi, ndipo mu 2007 inagulidwa ndi ESPN, kampani ya wailesi yakanema ya zamasewera. Lero ili ndi atolankhani ndi akonzi ake, ndipo imatchulidwa ngati gwero m'nkhani zambirimbiri popanda mkangano. IMDb ndi Cricinfo zonse zinabadwa mwa anthu achidwi ndipo zonse zinagulidwa ndi makampani akuluakulu, koma imodzi inasintha njira yolandirira ndi kuyesera zolembedwa, pamene inayo inapitiriza kudalira kwambiri zotumizidwa ndi anthu wamba.

Lamulo la zodzisindikizira ndi mpata umene limasiya

Vuto lenileni lili pa webusaiti ya munthu mmodzi, chifukwa m'gulu limeneli ndi mmene mumapezeka zolembedwa zabwino koposa pamodzi ndi zoipa koposa. Malamulo amazitcha zodzisindikizira, kutanthauza kuti wolemba ndi wosindikiza ndi munthu yemweyo, ndipo palibe wina amene akanatha kumuuza kuti ichi usachitulutse usanachitsimikize. Zoterezi kwenikweni sizivomerezedwa, kaya ndi webusaiti, buku limene wolemba analipira yekha kuti lisindikizidwe, kapena vidiyo ya pa YouTube.

Mpata ulipo komabe, ndipo mawu ake anasankhidwa mosamala. Zodzisindikizira zingagwiritsidwe ntchito ngati wolembayo ndi katswiri wokhazikika pa nkhaniyo, amene zolemba zake za m'gawo lomwelo zinasindikizidwapo kale ndi ofalitsa odalirika osadalira iye. Mbali iliyonse ya chiganizochi ili ndi ntchito yake. Ukatswiri uyenera kukhala wa gawo lomwelo, moti dokotala wa mano amene amakonda mbiri ya sitima zankhondo sapindula ndi digiri yake akamalemba za sitimazo. Uyeneranso kuoneka kudzera mwa ena, chifukwa kuchuluka kwa zaka zimene munthu wakhala akutsatira chinthu, kapena kuchuluka kwa anthu omutsatira, si umboni wakuti wina anayesapo ntchito yake. Digiri payokha siifunidwa: munthu wosapita ku yunivesite amene mabuku ake anatulutsidwa ndi kampani yodziwika yosindikiza mabuku a gawolo angakwanitse muyezowu.

Chitsanzo chomveka ndi Jonathan McDowell, katswiri wa sayansi ya zakuthambo amene wagwira ntchito ku Harvard-Smithsonian Center for Astrophysics. Kuyambira mu 1989 amalemba payekha kalata yotchedwa Jonathan's Space Report, yondandalika ma roketi ndi masetilaiti amene aponyedwa m'mlengalenga. Kalatayi amaisindikiza yekha, koma popeza ntchito yake inatuluka m'magazini a sayansi ndipo atolankhani amamufunsa kawirikawiri pa nkhani zimenezi, akonzi amaitchula ngati gwero.

Pali malo amodzi pamene mpatawu umatsekedwa kotheratu: zodzisindikizira siziloledwa kukhala umboni wa zinthu zokhudza munthu wina amene ali moyo, ngakhale wolembayo akhale katswiri wotani. Kukhwima kumeneku kuli ndi mbiri yake. Mu Meyi 2005 munthu wosadziwika analemba pa Wikipedia kuti John Seigenthaler, mtolankhani wa ku America amene anagwirapo ntchito ndi Robert F. Kennedy, ankaganiziridwa kuti anakhudzidwa ndi kuphedwa kwa John F. Kennedy ndi kwa Robert yemweyo. Bodzalo linakhalapo pafupifupi miyezi 4, ndipo mu Novembala chaka chomwecho Seigenthaler analemba za nkhaniyi m'nyuzipepala ya USA Today. Malamulo okhwima a mbiri za anthu amoyo anakhazikitsidwa pambuyo pa zimenezi. Ndiye chifukwa chake webusaiti ya okonda woimba wina ingakhale yolondola pa mndandanda wa nyimbo zake, koma singagwiritsidwe ntchito ponena za banja lake, matenda ake kapena milandu yake.

Munthu kapena bungwe angakhale gwero la zinthu zazing'ono zokhudza iye mwini, monga chaka chimene kalabu inakhazikitsidwa, malinga ngati zonenazo si zodzitamandira, sizikhudza anthu ena, ndipo palibe chifukwa chokayikira kuti webusaitiyo ndi yakedi.

Zimene mkonzi amayang'ana akatsegula webusaiti

Choyamba ndi dzina. Webusaiti imene siitchula amene amalemba, kapena imene olemba ake amadziwika ndi mayina ongopeka, imagwa pomwepo, chifukwa palibe njira yofufuzira mbiri ya ntchito yawo. Kenako mkonzi amafufuza ngati pali wina wowerenga nkhani isanatuluke. Kulemba patsamba kuti pali mkonzi wamkulu n'kosavuta, ndipo mawebusaiti ambiri aang'ono amapatsana maudindo omveka bwino pakati pa anzawo atatu, choncho chimene chimayang'anidwa ndi chakuti anthuwo anagwirapo ntchito yotereyi kwina kapena ayi, ndiponso ngati webusaitiyo imakonza zolakwa poyera n'kunena kuti yakonza.

Chachiwiri ndi kumene mfundo zachokera. Webusaiti imene imanena kuti chiwerengero ichi chachokera m'lipoti la boma la chaka chakuti, kapena m'nyuzipepala ya tsiku lakuti, imapatsa wowerenga njira yoitsutsira, ndipo chimenecho ndi chizindikiro chabwino. RSSSF, nkhokwe ya zotsatira za mpira wamiyendo imene Lars Aarhus, Kent Hedlundh ndi Karel Stokkermans anaiyambitsa mu 1994, ndi ya anthu achidwi kuyambira pachiyambi mpaka lero, ndipo maonekedwe ake ndi osakopa konse. Koma masamba ake amatchula amene anasonkhanitsa zotsatirazo, munthu wamba sangangolowa n'kusintha, ndipo olemba mbiri ya mpira akhala akuigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Pa zifukwa zimenezi imapezeka ngati gwero m'nkhani zambiri za mipikisano yakale, makamaka ya mayiko amene mabungwe awo a mpira sanasunge bwino zolembedwa.

Apa pakubwera muyezo umene, m'kuona kwanga, uli wachilungamo kwambiri kwa anthu achidwi, chifukwa sufunsa za sukulu kapena za ndalama: kodi magwero ena odalirika amaitenga bwanji webusaitiyo? Ngati mabuku a akatswiri, magazini a sayansi ndi nyuzipepala zodziwika zimatenga mfundo pamenepo popanda kukayika, ndiye kuti mbiri yake ya kulondola yamangidwa ndi ena. Ngati amaitchula pongonena kuti pali mphekesera yakuti, umenewo si umboni woiyikira kumbuyo. Ngati palibe amene amaitchula n'komwe, mkonzi amatsala wopanda pogwira, ngakhale webusaitiyo ikhale yolembedwa mwaluso.

Palinso funso la phindu. Mawebusaiti ena a okonda magalimoto, makamera kapena mafoni amalandira ndalama wowerenga akagula chinthu kudzera pa iwo, ena amapatsidwa katundu waulere ndi makampani, ndipo ena amangokonda chinthucho mopitirira moti sangalembe choipa chake. Chikondi chimene chimachititsa munthu kusunga deti lililonse ndi chomwenso chingamuchititse kubisa chochititsa manyazi.

Webusaiti imodzi ingathenso kukhala ndi zigawo zosiyana kudalirika kwake. Aviation Safety Network, imene inayamba mu 1996 ndipo tsopano ili pansi pa bungwe la Flight Safety Foundation, ili ndi nkhokwe ya ngozi za ndege yosamalidwa ndi eni ake, komanso chigawo china chimene anthu olembetsa amaikamo malipoti. Akonzi amasiyanitsa ziwirizi ngakhale zili pansi pa dzina limodzi.

Bodza lozungulira

Ngozi imene wolemba watsopano saiganizira n'komwe ndi yakuti webusaiti imene akuitenga ngati umboni ingakhale kuti inakopera mfundoyo pa Wikipedia pomwepo. Zikatero, mfundo imene wina anaiika popanda umboni imatuluka, kukakhala pa webusaiti ina, n'kubwerera ili ndi gwero, ndipo kuyambira pamenepo imaoneka yolimba.

Zimenezi zinachitikira ngakhale nyuzipepala zikuluzikulu. Mu Febuluwale 2009, Karl-Theodor zu Guttenberg atasankhidwa kukhala nduna ya zachuma ku Germany, munthu wina anawonjezera dzina lakuti Wilhelm pa mayina ake ambirimbiri pa Wikipedia ya Chijeremani. Ofalitsa nkhani angapo, kuphatikizapo Spiegel Online, anakopera mayinawo mmene analili. Akonzi atakayikira n'kuchotsa dzinalo, linabwezeretsedwa, ndipo umboni wake unali nkhani ya Spiegel yomweyo. Mu 2008 mwana wasukulu wina analemba mwanthabwala kuti kanyama kotchedwa coati kamadziwikanso ndi dzina lakuti "Brazilian aardvark". Dzinali linafalikira m'mawebusaiti ambiri, m'nyuzipepala zingapo za ku Britain ndiponso m'buku lina losindikizidwa ndi yunivesite, mpaka The New Yorker inaulula chiyambi chake mu 2014.

Ngati atolankhani okhala ndi akonzi anakodwa mu msampha umenewu, munthu amene amalemba yekha usiku ataweruka kuntchito ali pangozi yaikulu koposa. Ndiye chifukwa chake mkonzi akaona kuti mawebusaiti asanu a anthu achidwi akunena chinthu chimodzi, sawerenga kuti mboni zakwana zisanu. Amayang'ana ngati mawu ake akufanana, ngati cholakwa cha kalembedwe chili pamalo amodzimodzi, ndiponso amene anayamba kulemba, chifukwa kawirikawiri onsewo anakoperana.

Kudalirika kumayenderana ndi kulemera kwa mfundo

Palibe gwero lodalirika pa chilichonse, ndipo ndi magwero ochepa amene ali osadalirika pa chilichonse. Funso limene akonzi amafuna kuti lifunsidwe lili ndi mbali zitatu: gwero liti, m'nkhani iti, pochirikiza chiganizo chiti. Webusaiti ya okonda sitima ingaloledwe ponena za kutalika kwa injini inayake, pamene mfundoyo siitsutsidwa ndi aliyense ndipo kulakwitsa sikungavulaze munthu. Webusaiti yomweyo singaloledwe ponena kuti ngozi inachitika chifukwa cha kusasamala kwa woyendetsa, kapena kuti injiniyo inali yothamanga kuposa zonse padziko lapansi. Mfundo yodabwitsa, yotsutsana ndi zimene mabuku ambiri amanena, imafuna magwero amphamvu angapo. Pa nkhani zaumoyo muyezo ndi wokwera kuposa pena paliponse: ngakhale nyuzipepala zodziwika sizikwanira ponena kuti mankhwala akuti amachiza matenda akuti, ndipo chofunika ndi zolemba za akatswiri zounika kafukufuku wambiri, mabuku a zachipatala kapena malangizo a mabungwe azaumoyo.

Chinanso chimene chimasokonezedwa ndi kusiyana kwa kutsimikizira mfundo ndi kusonyeza kuti nkhani ikuyenera kukhala ndi tsamba lakelake. Nkhokwe ya zotsatira ingatsimikizire kuti wosewera wina analowa m'bwalo pa mpikisano wakuti, koma popeza imandandalika aliyense, siisonyeza kuti dziko linachita naye chidwi. Mu 2022 akonzi a Wikipedia ya Chingerezi anagwirizana kuti mbiri ya wosewera aliyense iyenera kukhala ndi gwero limodzi kapena kuposerapo lomufotokoza mozama, ndipo nkhokwe zoterezi siziwerengedwa pamenepo.

Amagamula ndani

Palibe ofesi imene imapereka chiphaso cha kudalirika. Mkangano umayambira patsamba lokambirana la nkhaniyo, ndipo ukakanika umapita pa bwalo lapadera la magwero pamene mkonzi aliyense angapereke maganizo. Chigamulo chimayenera kutsatira mphamvu ya zifukwa zoperekedwa, osati kuchuluka kwa manja. Magwero amene amakambidwa mobwerezabwereza anasonkhanitsidwa pa mndandanda umene unayamba mu 2018, ndipo umawagawa kukhala odalirika nthawi zambiri, ofunika kusamala nawo, osadalirika nthawi zambiri, ndi oletsedwa pafupifupi kotheratu. Magulu a akonzi a nkhani zapadera, monga masewera a pakompyuta ndi nyimbo, alinso ndi mindandanda yawo, ndipo m'menemo ndi mmene mawebusaiti ambiri a anthu achidwi amaweruzidwira limodzilimodzi.

Mindandanda imeneyi imasonyeza kuti nkhaniyi si yolimbanitsa olipidwa ndi osalipidwa. Mu Febuluwale 2017 akonzi anagamula kuti Daily Mail, nyuzipepala yaikulu ya ku Britain yokhala ndi atolankhani ambiri, isamagwiritsidwe ntchito ngati gwero, chifukwa cha mbiri yake yosayesa bwino nkhani. CNET, webusaiti ya zaukadaulo imene inkadaliridwa kwa zaka zambiri, inatsitsidwa zitadziwika mu Januwale 2023 kuti inkatulutsa nkhani zolembedwa ndi pulogalamu ya kompyuta, zambiri mwa izo zili ndi zolakwa. Chigamulo chimatha kukhudza zaka zina zokha za webusaiti, chifukwa eni ake, akonzi ake ndi kachitidwe kake zimasintha.

Mkangano umene sunathe

Amene amaona kuti malamulowa ndi okhwima mopitirira amanena kuti pa nkhani zambiri zazing'ono, anthu achidwi ndiwo okha amene anasunga chilichonse, ndipo mtolankhani amene nkhani yake imavomerezedwa mosavuta nthawi zambiri anatenga mfundo zake kwa iwo omwewo, mwinanso n'kulakwitsa pokopera. Amanenanso kuti kufuna mabuku ndi manyuzipepala kumakomera mayiko ndi zinenero zimene zinasindikiza zambiri, ndipo kumasiya kunja chidziwitso cha anthu amene mbiri yawo inasungidwa pakamwa. Mu 2011 Achal Prabhala, wofufuza wa ku India, mothandizidwa ndi Wikimedia Foundation, bungwe loyendetsa Wikipedia, anayesa njira yojambula mawu a anthu odziwa zinthu ku India ndi ku South Africa n'kuwagwiritsa ntchito ngati magwero m'zinenero za Malayalam, Hindi ndi Sepedi, koma njirayi sinalandiridwe ngati lamulo pa Wikipedia ya Chingerezi.

Amene amaikira kumbuyo malamulowa savutika kuvomereza kuti mfundo zina zoona zimatsala kunja. Yankho lawo ndi lakuti mkonzi wamba alibe njira yosiyanitsira wachidwi wosamala ndi wachidwi wongopeka, popeza onse amalemba motsimikiza ndipo mawebusaiti awo amaoneka mofanana, ndipo tsopano mapulogalamu a kompyuta angathe kudzaza webusaiti yonse ndi nkhani zomveka zaukatswiri m'kanthawi kochepa. Kutsegulira mmodzi chifukwa choti mkonzi wina akumudziwa kuti ndi wosamala kungabwezeretse chinthu chimene malamulo anafuna kuchotsa, chimene ndi kudalira mawu a munthu wosadziwika. Amakumbutsanso kuti zimene anthu achidwi apeza zili ndi njira yolowera. Thomas Bopp sanali katswiri wolembedwa ntchito pamene anaona nyenyezi ya mchira mu Julayi 1995, usiku womwewo umene Alan Hale anaionanso, koma zimene anaonazo zinatumizidwa ku bungwe la akatswiri a zakuthambo, zinatsimikizidwa, ndipo nyenyeziyo ikutchedwa Hale-Bopp. Zimene okonda mbalame amatumiza ku eBird, nkhokwe ya pa intaneti ya mbalame zimene anthu aona, imene inayamba mu 2002, zimagwiritsidwa ntchito m'kafukufuku wa asayansi, ndipo kafukufukuyo akasindikizidwa amakhala gwero lovomerezeka. Otsutsa amayankha kuti njira imeneyi ilipo pa zinthu zokhazo zimene akatswiri ali nazo chidwi, ndipo pa zina zambiri palibe magazini kapena bungwe loti litsimikizire.

Ntchito imene webusaiti yokanidwa imagwirabe

Kukanidwa ngati gwero sikutanthauza kuti webusaiti ilibe phindu kwa wolemba. Yabwino imalozera kumene mfundo zinachokera, ndipo wolemba angatsatire n'kukapeza buku, lipoti kapena nyuzipepala yakaleyo. Chofunika n'chakuti aiwerengedi yekha, chifukwa malamulo amafuna kuti munthu atchule pamene iye anaona mfundo, ndipo kukopera dzina la buku limene sanalitsegule n'kunamiza wowerenga. Mawebusaiti ambiri a anthu achidwi amaikanso zithunzi za masamba a magazini akale. Zikatero gwero lenileni ndi magaziniwo, ndipo ndi amene amatchulidwa ndi deti ndi tsamba lake, koma kulozera wowerenga ku chithunzi choikidwa popanda chilolezo cha eni ake n'koletsedwa.

Vuto lomaliza ndi la kutha kwa mawebusaiti. Ya munthu mmodzi imadalira moyo wake, thumba lake ndi chidwi chake, ndipo ikatsekedwa umboni umapita nayo. Yahoo itatseka GeoCities, malo amene anthu ankaikapo mawebusaiti awo kwaulere, mu Okutobala 2009, masamba ochuluka a anthu achidwi anazimiririka nthawi imodzi, kupatula amene ena anathamangira kusunga. Bungwe la Internet Archive limasunga makope a masamba a pa intaneti kudzera mu Wayback Machine, ndipo mu 2018 linalengeza kuti maulalo akufa oposa 9 miliyoni a pa Wikipedia anali atalumikizidwa ku makope amenewa. Kope losungidwa silisandutsa gwero losadalirika kukhala lodalirika, koma limathandiza pa funso la amene anakopera mnzake: Wikipedia imasunga mbiri ya kusintha kulikonse ndi deti lake, choncho mkonzi angayerekeze tsiku limene mfundo inalowa m'nkhani ndi kope lakale kwambiri la webusaitiyo. Mfundo ikapezeka pa webusaitiyo isanalowe pa Wikipedia, kukayikira kwa bodza lozungulira kumachepa ndipo mafunso ena aja amatsala. Ikapezeka kuti inayamba pa Wikipedia, gwerolo limachotsedwa, ndipo mfundoyo imaikidwa chizindikiro chofuna umboni kapena imachotsedwa nayonso.